Laputopu yasiya kuona mafayilo a pa kompyuta ina m'nyumba: vuto lili pati?

Funso

Ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe. Zithunzi zonse ndimasunga mu kompyuta ya pa tebulo ya Windows 10, yomwe ili ndi chingwe chopita ku rauta. Pokonza zithunzizo ndimagwiritsa ntchito laputopu ya Windows 11 yomwe ndinagula ku Limbe. Mphwanga ndiye anandilumikizira makompyuta awiriwa, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkatsegula foda ya zithunzi ndili pabalaza. Sabata yatha magetsi anazima, ndipo chibwerereni laputopu ikulemba kuti Windows cannot access, ndi nambala 0x80070035. Tsiku lina inandifunsa pasiwedi, ndinalemba PIN yanga koma inakana. Mnzanga akuti ndizimitse firewall ndi kuyatsa SMB 1.0. Kodi nditero? Komanso, kodi kutumizirana mafayilo motere kumadya bandulo?

Bambo wa ku Chilomoni

Yankho

Bambo, mwachita bwino kulemba nambala ya uthengawo. Ambiri amangoti "ikukana", ndiye wothandiza amasowa poyambira.

Ndiyambe ndi funso lomalizalo poti ndi lalifupi. Ayi, sikudya bandulo. Chithunzi chikamachoka mu kompyuta ya pa tebulo kupita mu laputopu chimadutsa mu rauta n'kuthera m'nyumba momwemo, sichifika pa nsanja ya Airtel kapena ya TNM. Bandulo itatha, ngakhale mutachotsa SIM mu rauta, mafayilo aziyendabe, bola rautayo ikhale yoyaka. Zimene zimadya bandulo mwakachetechete ndi OneDrive kapena Google Drive, ngati foda yomwe mwaikamo zithunzizo inakonzedwa kuti izikwera yokha pa intaneti. Muonetsetse zimenezo pa laputopu, chifukwa Windows 11 imakonda kukopa anthu kuti aike Desktop ndi Pictures mu OneDrive.

Malangizo a mnzanuwo ayambe adikira. Ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Mauthenga awiri omwe mwaonawo si vuto limodzi. Laputopu ikafuna fayilo ya pa kompyuta ina imachita ngati mlendo wopita ku nyumba ya mpanda. Ayenera kupeza nyumbayo kaye, mlonda amutsegulire geti, eni nyumba amuzindikire, kenako apatsidwe kiyi wa chipinda chomwe akufuna. Nambala ya 0x80070035 imayendera limodzi ndi mawu akuti The network path was not found, kutanthauza kawirikawiri kuti mlendoyo sanafike n'komwe pakhomo. Pamenepo kusintha pasiwedi n'kutaya nthawi. Koma tsiku lomwe laputopu inakufunsani pasiwedi, inali itapeza nyumba, geti n'kutseguka, ndipo inaima pakhonde ikufunsidwa kuti ndinu yani. Anthu amavutika masiku atatu chifukwa chosintha zinthu za pakhonde pamene mlendo akadasochera ku Ginnery Corner. Choncho tiyende motsatana, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse, n'kuyesa, musanakhudze china.

Tiyambe ndi kupeza nyumba, chifukwa m'mene mwafotokozeramu ndikukayikira kuti vuto lanu lagona pamenepa. Chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku rauta chimapatsidwa nambala yake, yotchedwa IP address. Wogawa manambalawa ndi rauta, ndipo sigawa kuti n'zako mpaka kalekale, imangobwereketsa. Magetsi akazima, marauta ambiri otsika mtengo amaiwala kuti nambala iti inali ya ndani. Akayakanso, yemwe wayamba kupempha ndiye amayamba kulandira. Mwina foni ya mayi a kunyumba, kapena TV, ndiyo yatenga nambala yomwe inali ya kompyuta yanu. Ngati mphwanuyo analumikiza foda pogwiritsa ntchito nambala, monga amachitira ambiri, laputopu ikugogodabe pa nambala yakale, pomwe tsopano pali foni yosadziwa kanthu za zithunzi.

Kuti muone ngati ndi choncho, pitani pa kompyuta ya pa tebulo, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani cmd n'kudina Enter. Pa zenera lakuda lomwe litsegukelo lembani ipconfig. Funani mizere iwiri, wa IPv4 Address ndi wa Default Gateway, ndipo mulembe manambalawo papepala. Chitani chimodzimodzi pa laputopu. M'nyumba zambiri mupeza zonga 192.168.1.20 pa kompyuta ina ndi 192.168.1.34 pa inzake. Zigawo zitatu zoyambirira ziyenera kufanana, chomaliza chokha ndicho chisiyane, ndipo Default Gateway ikhale imodzi pa makompyuta onse awiri. Gateway imeneyo ndi nambala ya rauta yanu.

Mukapeza nambala yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo inapempha nambala koma palibe anaiyankha, n'kungodzipatsa yokha. Izi zimachitika kawirikawiri magetsi akangobwera, kompyuta ikayaka msanga rauta ikadali kudzuka, kapena chingwe chikakhala chosalowa bwino. Zulani chingwecho n'kuchibwezera mpaka chimveke kuti tha, kapena lembani ipconfig /renew.

Mukapeza kuti zigawo zitatu zija zikusiyana, makompyuta anu ali m'midzi iwiri ngakhale ali pa tebulo limodzi. Chomwe ndimakumana nacho kwambiri mu Blantyre muno ndi ichi: magetsi atazima munthu anayatsa hotspot ya pa foni kuti apitirize ntchito pa laputopu, magetsi n'kubwera, koma laputopu n'kukhalabe pa foni. Intaneti ikuyenda bwinobwino, ndiye palibe akuganiza zoyang'ana. Ya iPhone imadziwika msanga chifukwa manambala ake amayamba ndi 172.20.10. Yang'anani dzina la Wi-Fi yomwe laputopu yalumikizako. Muonenso kuti si ya alendo, yomwe dzina lake limakonda kuthera ndi Guest, chifukwa imeneyo inapangidwira dala kuti wolowapo apeze intaneti yokha, asaone china chilichonse cha m'nyumba. Ngati pa laputopu pali VPN yoyaka, izimitseni kaye.

Ndinaitanidwapo ku nyumba ina ku Namiwawa komwe anali atavutika sabata yathunthu. Anali atagula rauta yachiwiri kuti Wi-Fi izifika ku nyumba ya kuseri, n'kuilumikiza ku yoyamba kudzera pa bowo lolembedwa WAN. Rauta yachiwiriyo inadziyesa mfumu payokha n'kuyamba kugawa manambala akeake. Wokhala kuseri ankatha kufika pa kompyuta ya kutsogolo akalemba nambala, koma wa kutsogolo sankatha kufika kuseri. Mankhwala ake anali kuuza rauta yachiwiriyo kuti igwire ntchito ngati Access Point, isiye kugawa manambala. Ngati muli ndi rauta imodzi yokha, iyi si nkhani yanu.

Manambala akagwirizana, chitani odi. Pa laputopu, pa zenera lakuda lija, lembani ping kenako nambala ya kompyuta ya pa tebulo, mwachitsanzo ping 192.168.1.20. Mukaona mizere ya Reply from yokhala ndi time ndi TTL, mwayankhidwa. Chenjerani ndi mzere womwe umayambanso ndi Reply from koma n'kuthera ndi Destination host unreachable. Umenewo si yankho la eni nyumba, ndi laputopu yanu yomwe ikudziuza yokha kuti sinapeze munthu. Request timed out nayonso siyitanthauza kuti kompyutayo kulibe, chifukwa firewall ya Windows, yomwe ndi mlonda wa pageti uja, imatha kungokhala chete osayankha odi. Njira yotsimikizika ndi kutsegula pulogalamu ya mu Windows yotchedwa PowerShell n'kulemba Test-NetConnection 192.168.1.20 -Port 445. Khomo la nambala 445 ndilo mafayilo a Windows amadutsirapo. Pakalembedwa TcpTestSucceeded : True, njira ndi geti zonse zili bwino, dumphani ndime ziwiri zotsatirazi.

Pakalembedwa False, tafika kwa mlonda. Windows imaika netiweki iliyonse m'gulu limodzi mwa awiri, Public kapena Private. Public ndi ya malo ngati pa bwalo la ndege la ku Chileka kapena m'malo odyera, komwe simukudziwa kuti pa Wi-Fi pali ndani, ndipo kumeneko kompyuta imadzibisa n'kutseka makomo. Private ndi ya kunyumba. Windows ikaganiza kuti yaona netiweki yatsopano, monga rauta ikabwerera m'mene inachokera ku fakitale kapena mukasintha dzina la Wi-Fi, imatha kuiika pa Public osakuuzani. Pa kompyuta ya Windows 10 pitani ku Settings, Network & Internet, Status, dinani Properties pansi pa Ethernet, musankhe Private. Pa laputopu ndi ku Settings, Network & internet, Wi-Fi, kenako Properties ya netiweki yanuyo. Mukatero funani Advanced sharing settings, ndipo pa gawo la Private muyatse Network discovery ndi File and printer sharing. Chofunika kwambiri ndi pa kompyuta yomwe ikusunga zithunzi, popeza ndiyo ikulandira alendo.

Mukayatsa ziwirizi, Windows imatsegula yokha makomo oyenera mu firewall, ndipo imawatsegulira a m'nyumba okha. N'chifukwa chake kuzimitsa firewall yonse sikofunika. Kuchotsa mlonda ntchito chifukwa wakaniza mlendo mmodzi si nzeru, mumangomuuza kuti uyu ndi wathu. Ine ndimazimitsa kwa mphindi imodzi yokha pofuna kudziwa ngati ndiye akutsekereza, kenako n'kuyatsanso. Muonenso ngati muli pulogalamu ina yoteteza ku mavairasi yokhala ndi firewall yakeyake. Makompyuta ogulidwa kwa anthu amabwera nazo kawirikawiri, nthawi zina yotha kale ntchito koma ikutsekabe makomo. Ngati zonsezi zili bwino koma khomo la 445 silikuyankhabe, lowani mu rauta mufune AP Isolation kapena Client Isolation. Ikakhala yoyaka, zipangizo za pa Wi-Fi zimaona intaneti koma sizionana. Pa ma MiFi ena ndi pamene pamagona vuto.

Tsopano za SMB 1.0. SMB ndi chinenero chomwe makompyuta a Windows amayankhulana pogawana mafayilo. Mtundu woyambawo ndi wa m'zaka za m'ma 1980. Wachiwiri unabwera ndi Windows Vista, wachitatu ndi Windows 8 mu 2012. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inafalikira m'mayiko ambiri kudzera pa chibowo cha mu SMB 1.0, n'kumanga mafayilo a anthu ndi kufuna dipo, ndipo zipatala zambiri za boma ku Britain zinasokonekera nayo. Kuyambira chakumapeto kwa chaka chomwecho, Microsoft inayamba kusiya kuika SMB 1.0 mu Windows 10. Makompyuta anu onse awiri amayankhula mtundu wachitatu, sakusowa woyambawo. Omwe amausowa ndi okhala ndi Windows XP, makina akale ojambulira mapepala omwe amatumiza masikani ku foda, ndi marauta akale okhala ndi bowo la USB.

Komabe mnzanuyo sakunama kuti zinamuthandizapo. Ukayatsa SMB 1.0, pamadzukanso njira yakale yolembera mndandanda wa makompyuta, ndipo mayina amatha kuyamba kuoneka pansi pa Network. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mndandanda wa pansi pa Network ndi chikwangwani chabe. Chikwangwani chikagwa, sitolo imakhala ilipobe. Kompyuta imatha kusaoneka pamenepo koma foda n'kumatseguka bwinobwino. Choncho musamayese ndi mndandandawo. Dinani Windows ndi R, lembani mizere iwiri yopendekera kumbuyo ndi nambala, motere: \\192.168.1.20 n'kudina Enter. Ngati mukufunitsitsa kuti dzina lizioneka, pa kompyuta ya pa tebulo tsegulani services.msc, mufune Function Discovery Resource Publication ndi Function Discovery Provider Host, muziike pa Automatic n'kuziyatsa. Ndipo mukapeza malangizo onena za HomeGroup, dziwani kuti ndi akale. HomeGroup inachotsedwa mu Windows 10 mu 2018.

Kanthu kena kakang'ono: lembani hostname pa zenera lakuda pa makompyuta onse awiri. Amisiri ena amakopera Windows imodzimodzi m'makompyuta onse omwe akugulitsa, moti mutha kupeza awiri m'nyumba ali ndi dzina limodzi. Akakhala choncho, sinthani limodzi.

Tafika pakhonde, pa nkhani ya pasiwedi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pamagwa anthu ambiri ozindikira ndithu.

Choyamba, pasiwedi yomwe laputopu ikufunsa si ya laputopu. Ikufunsa dzina ndi pasiwedi ya akaunti ya pa kompyuta ya pa tebulo, yomwe ili ndi zithunzi. Chachiwiri, PIN si pasiwedi. PIN imagwira ntchito pa chipangizo chomwe munaipangira chokha, mutakhala patsogolo pake, ndipo siyenda pa netiweki. Ngakhale mutailemba kakhumi sidzalola. Ngati pa kompyuta ya pa tebulo mumalowa ndi akaunti ya Microsoft, chofunika ndi imelo ya akauntiyo ndi pasiwedi yake yeniyeni, yomwe ambiri anaiwala kalekale chifukwa cha kuzolowera PIN. Ngati mumangoyatsa n'kulowa popanda pasiwedi iliyonse, pamenepo palinso msampha, chifukwa Windows salola akaunti yopanda pasiwedi kulowa kudzera pa netiweki.

Mwina mukudabwa kuti bwanji miyezi yonseyi simunafunsidwepo. Mphwanu analemba pasiwedi kamodzi n'kuuza laputopu kuti iikumbukire. Koma Windows imasunga pasiwediyo moimangirira ku nambala kapena dzina lomwe linalembedwa tsiku limenelo. Nambala itasintha, laputopu inaona ngati ndi nyumba yachilendo n'kufunsanso. Mwaona tsono kuti kuzima kumodzi kwa magetsi kutha kubala mauthenga onse awiri aja.

Chomwe ndimachita ine, ndipo ndikukulangizani, ndi kupanga akaunti yapadera pa kompyuta ya pa tebulo yongogawira mafayilo. Pitani ku Settings, Accounts, Family & other users, Add someone else to this PC. Ikakufunsani imelo, sankhani I don't have this person's sign-in information, kenako Add a user without a Microsoft account. Ipatseni dzina losavuta, tinene kuti zithunzi, ndi pasiwedi yabwino yosiyana ndi ya Wi-Fi. Isakhale Administrator. Laputopu ikadzafunsa, pa dzina mulembe dzina la kompyuta ya pa tebulo lomwe hostname inakuonetsani, mzere wopendekera kumbuyo, kenako dzina la akaunti, monga DESKTOP-AB12CD\zithunzi. Mukasiya dzina la kompyutalo, laputopu imatha kutumiza dzina la akaunti yake, n'kukanidwa pasiwedi ili yolondola. Ubwino wake ndi wakuti simupereka pasiwedi ya imelo yanu kwa aliyense wokuthandizani ntchito, ndipo akadzachoka mumangosintha imodzi yokhayi.

Musanayese, chotsani zakale. Pa laputopu tsegulani Credential Manager, pitani pa Windows Credentials, mufufute zonse zotchula nambala kapena dzina la kompyuta ya pa tebulo. Kenako pa zenera lakuda lembani net use * /delete n'kuvomera. Windows salola kulowa mu kompyuta imodzi ndi mayina awiri nthawi imodzi, ndiye kulumikizana kwakale kukatsalira, dzina latsopano limakanidwa. Ngati ikuchitabe makani, zimitsani laputopu ndi Restart.

Ena adzakuuzani kuti musavutike ndi zonsezi, mungodina Turn off password protected sharing. Sindikugwirizana nazo pa zifukwa ziwiri. Windows 11 Pro ya mtundu wa 24H2 imakana kulowa ngati mlendo wopanda dzina, ndiye mutha kuzimitsa pasiwedi koma osalowabe. Chifukwa china ndi cha kwathu kuno. Pasiwedi ya Wi-Fi siikhala m'nyumba. Mwana wapatsa mnzake, mnzakeyo wapatsa a lendi oyandikana nawo, ndipo pakutha pa mwezi pali mafoni omwe simukuwadziwa. Foda ikakhala yopanda pasiwedi, onsewo atha kutsegula zithunzi za maukwati a eni ake, zomwe anakukhulupirirani nazo.

Chatsala ndi kiyi wa chipinda. Mukalowa n'kuona foda koma poitsegula n'kulembedwa You do not have permission to access, kapena mukutsegula koma simukutha kusungamo kanthu, vuto lili pa zilolezo. Foda iliyonse yogawidwa ili ndi maloko awiri. Dinani batani lakumanja la mausi pa fodayo, Properties. Loko woyamba ali pa Sharing, Advanced Sharing, Permissions. Wachiwiri ali pa Security. Onse awiri ayenera kulola akaunti ya zithunzi ija, ndipo akasiyana, wokhwimitsa ndiye amapambana. Anthu ambiri amatsegula woyamba n'kuiwala wachiwiri. Vutoli limakula foda ikakhala pa Desktop kapena mu Documents, chifukwa malo amenewo Windows inawasungira mwini akaunti yekha. N'kwabwino kupanga foda poyera, monga D:\Zithunzi, n'kugawa imeneyo. Musagawe C yonse. Ngati zithunzi zili mu hard disk ya kunja, dziwani kuti ikasintha chilembo, lero E mawa F, foda yogawidwayo imasowa.

Popeza zithunzi ndi chuma chanu, mvetsetsani ichi. Fayilo yomwe mwaifufuta muli pa laputopu kudzera pa netiweki siipita mu Recycle Bin, ya laputopu kapena ya kompyuta inayo. Imangopita. Ndiye ine ndikanagawa mafoda awiri. Ya maukwati omalizidwa ikhale ya Read yokha, yoti mungaone ndi kukopera koma osafufuta. Ina yaing'ono ya ntchito zomwe mukukonza ndiyo ikhale ndi Change pa Sharing ndi Modify pa Security. Izi zimakutetezaninso ku vairasi yomanga mafayilo. Ikalowa mu laputopu imafika paliponse pomwe laputopuyo ili ndi chilolezo cholemba, ndipo foda ya Read yokha siyiikhudza.

Zikayamba kuyenda, mangani nambala kuti nkhaniyi isabwerenso. Tsegulani Chrome kapena Edge, lembani nambala ya Default Gateway ija. Kawirikawiri imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1, kapena 192.168.8.1 pa zambiri za Huawei. Dzina ndi pasiwedi yolowera zimakhala pa kapepala komatidwa pansi pa rauta, ngati sizinasinthidwe. Funani gawo la DHCP, loona za kugawa manambala, ndipo m'menemo Address Reservation kapena IP and MAC binding, mayina amasiyana malinga ndi kampani. Muuze rauta kuti kompyuta ya pa tebulo izilandira nambala yomweyo masiku onse. Rauta imazindikira kompyuta ndi nambala ina yosasintha yotchedwa MAC, yomwe mungaione polemba ipconfig /all, pa mzere wa Physical Address pansi pa Ethernet. Ngati rauta yanu ilibe gawo limeneli, nambala yokhazikika mutha kuilemba pa kompyuta yomweyo, koma musankhe ya kunja kwa manambala omwe rauta imagawa, kuopa kuti awiri angalimbirane imodzi. Mukatero, pa laputopu chotsani kulumikiza kwakale kuja, pitani pa This PC, Map network drive, mulembe njira yatsopano monga \\192.168.1.20\Zithunzi, ndipo muchonge Reconnect at sign-in. Mukadzaona kamtanda kofiira pa chizindikirocho laputopu itangoyaka, musadandaule msanga. Nthawi zambiri ndi chifukwa Windows inayesa kulumikiza Wi-Fi isanagwire, ndipo mukadinapo kamachoka.

Pali mavuto ena awiri omwe simunafunse koma mudzakumana nawo. Ngati foda izitseguka m'mawa koma madzulo n'kumakana, onani ngati kompyuta ya pa tebulo siinagone. Yogona siyankha odi. Pa Power & sleep ikani Sleep pa Never, sikirini yokha ndiyo izizima.

Linalo ndi kuchedwa. Ukwati umodzi utha kudzaza kadi ya 32 GB. Pa chingwe choyenda 100 Mbps mumapeza pafupifupi 11 MB pa sekondi, ndiye kadi imeneyo imatenga mphindi pafupifupi 50. Pa chingwe cha 1000 Mbps ndi mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi liwiro la hard disk. Marauta ambiri otsika mtengo mabowo ake ndi a 100, ndiye kabokosi kakang'ono ka mabowo a 1000, kotchedwa gigabit switch, kamasintha zinthu kwambiri ngati makompyuta onse awiri mwawalumikiza ndi zingwe kwa iko. Chingwe chikhale Cat5e kapena Cat6, ndipo mawaya onse asanu ndi atatu akhale ogwira. Waya mmodzi akaduka m'kati, chimatha kugwera pa 100 osadandaula. Wi-Fi ya 2.4 GHz yodutsa makoma awiri a njerwa ndiyo yochedwa kuposa zonse, ndiye tsiku lokopera ukwati wonse bweretsani laputopu pafupi mulowetse chingwe. Ndipo poti magetsi athu sapereka chenjezo, musamadule ndi kumata mafayilo ochuluka. Koperani, muone kuti afika onse, ndiye mufufute akalewo.

Kompyuta yanu ya Windows 10 ipitirizabe kugawa mafayilo, koma kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Ichi ndi chifukwa chinanso chosazimitsira firewall, ndiponso chosungira zithunzi zofunika pa hard disk ina yomwe siikhala yolumikizidwa nthawi zonse.

Mukamaliza, lembani nambala ya kompyuta ya pa tebulo pa kapepala n'kuimata pambali pake. Kenako musadikire kuti magetsi adzakuyeseni tsiku lomwe mkwatibwi wabwera kudzatenga zithunzi zake. Zimitsani kompyuta bwinobwino, zulani rauta pakhoma, dikirani mphindi ziwiri, mubwezere, n'kusiya mafoni onse a m'nyumba alowe kaye musanayatse kompyutayo. Ipconfig ikakuonetsani nambala yomwe ili pa kapepala kaja ndipo foda n'kutseguka pa laputopu, zatheka. Ikakana, mundilembenso, ndipo munditumizire manambala a IPv4 a makompyuta onse awiri, zomwe Test-NetConnection yayankha, ndi mawu enieni a uthenga womwe watuluka.